Mpata wa a Yotamu

Tisa ndi Mabvuto, ana anga, mwandiseka zaka zambiri kuti ndikakuimbirani foni ndimapereka moni kenaka n'kukhala duu, mpaka wina wa inu afunse kuti, "Amama, muliko?" Mabvuto amafika pogogoda foni yake patebulo poganiza kuti yafa. Lero ndakhala pakhonde pano pa Palabana ndi kope latsopano kuti ndikuuzeni kumene ndinatola khalidwe limeneli, ndi chifukwa chimene tinasamukira kuno mwadzidzidzi muli ana. Za ubwana wanga, ndi za momwe agogo anu anachokera ku Katete n'kudzapempha munda kuno, azakhali anu anakuuzani kale mpaka nkhaniyo inasuluka. Ine ndiyambira pamene ndinayambira ntchito.

1974, Bundabunda

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana ananditumiza ku kasukulu kena ku Bundabunda. Ndinali mtsikana wa sutikesi imodzi yamalata ndi matama olemera kuposa sutikesiyo. Lole inanditsitsa pamsewu waukulu wopita kum'mawa, ndipo amene anabwera kudzandichingamira ndi njinga anali a Yotamu, mlimi wa chimanga ndi mtedza, mkulu wa mpingo, amenenso anali wapampando wa komiti ya makolo pa sukulupo. Anali munthu wamtali wa mtundu wa Asoli, wosathamangira chilichonse. Tisananyamuke anavula chipewa n'kundipatsa moni. Ndinayankha mwachidule monga tinkachitira ku koleji, n'kuyamba kumangirira sutikesi panjinga. Iwo anangoima, chipewa chili m'manja. Anafunsa za ulendo, za makolo anga, za mvula ya kumene ndachokera, ndipo pa funso lililonse ankadikira mpaka yankho lithe, n'kudikirabe pang'ono kuopa kuti mwina pali kena kotsalira. Mumtima ndinati dzuwa litilowera tili pomwe pano.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho boma linatitumizira wailesi yophunzitsira ana. Inali m'bokosi lathabwa lokhala ndi chogwirira pamwamba. Poti sukulu inalibe chitseko chokhoma, wailesiyo inkagona kwa a Yotamu, ndipo iwo ankaibweretsa m'mawa uliwonse ataikulunga m'bulangete. Tsiku loyamba anakwera okha mumtengo wa msuku kukamangirira waya. Ana anakhala pansi pa mtengowo, amayi opita kumunda ataima chapatali makasu ali pamapewa. Ndinapotoza kabatani. Kunayamba kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya, kenaka kunatuluka mawu a mwamuna, aakulu, omveka bwino, ngati mwiniwake wakhala pabenchi pambali panga. Inu munabadwa mawu akuuluka kale paliponse, ndiye simungamvetse. Ine tsitsi linandiimirira. Munthu ali ku Lusaka m'kachipinda kotseka, koma mawu ake awoloka mtsinje wa Chongwe, adutsa mapiri onse aja, atsikira pa kawaya kathu ka mumsuku, ndipo nthawi yomweyomweyo ali ku Mongu, ali ku Kasama, ali kwathu ku Katete. Zimene mabuku amanena za mafunde a mumlengalenga ndinkazidziwa, ndinakhozanso mayeso ake, koma tsiku limenelo kudziwako sikunandithandize. Ndinachita mantha, mantha okoma ngati aja amakugwira m'tchalitchi.

Mawu aja anati, "Mwauka bwanji, ana inu nonse?" A Yotamu, amene anali atangotsika mumtengo, anavula chipewa. "Tauka bwino, aphunzitsi," anayamba motero, "kaya inu, kaya a kunyu..." Koma mphunzitsi wa pa wailesi anali atafika kale patali, akutchula mayina a mitsinje. Akafunsa funso ana ankatsegula pakamwa, iye n'kudziyankha yekha asanatulutse liwu. A Yotamu anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. Phunziro litatha anandiitanira pambali.

"A Misitiresi, uyu munthu mumudziwa?"

"Iyayi, ali ku Lusaka."

"Ali na makolo?"

Ndinaseka. "Sakumvani, a Yotamu. Aya ni makina chabe."

"Ngati sanimva, afunsiranji?" Sanaseke ngakhale pang'ono. "Munthu wofunsa moni osafuna yankho ni woopsa. Ana athu akazolowera kuti mkulu amafunsa chabe koma samvera, nawonso azakula tero. Mawa nizaibweretsa chifukwa ni ya boma. Koma chipewa changa sinizaivulira futi."

Ndinaziona ngati nkhani za anthu akumudzi. Koma patapita masabata angapo ndinayamba kuona kanthu. Ana aja analeka kutsegula pakamwa wailesi ikafunsa. Choipa kwambiri, analekanso kuyankha ine. Ndikafunsa funso ankangondiyang'ana mwaulemu, kudikira kuti ndidziyankhe ndekha. Pamenepo ndinatenga pepala n'kulembera a maphunziro a pa wailesi ku Lusaka, ndipo poti ndinali mwana wosaopa, ndinalembamo mawu a Yotamu monga anawanenera, ndi funso la makolo lomwe.

1976, Lusaka

Yankho linachedwa mpaka ndinaiwala kuti ndinalemba kalata. Litabwera linali la mizere iwiri, kundiitana kuti ndikaonane ndi a Njobvu, mkulu wa maphunziro a pa wailesi, amene analinso mwini wa mawu aja. Njira yonse ndinkayembekezera chimunthu chodzaza khomo. Ndinapeza kamunthu kakafupi, kadazi, kovala jekete la munthu wina wamkulupo. Koma atangotsegula pakamwa ndinawazindikira, chifukwa anali mawu omwe aja a pansi pa msuku. Kalata yanga inali patebulo, itatuwa ndi kupindidwapindidwa.

"Ndimwe munanilembera kuti nilibe makolo?"

"Sindine, bwana, ni a Yotamu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anapukuta maso nati, "Zaka zonse izi nilankhula na khoma, ndipo khoma silinanidzudzulepo. Uyu mdala ndiye woyamba. Manje niuzeni, a Daka, munthu wa ku Bundabunda amatenga nthawi yotalika bwanji kuyankha moni?"

Ndinati nthawi yake sindiidziwa, koma mawu ake ndimawadziwa pamtima. Anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'situdiyo, kachipinda kojambuliramo mawu kokutidwa ndi nsalu zokhuthala, kopanda zenera kupatula galasi limodzi loyang'ana kwa amisiri a makina. Mmenemo munali zii wa mtundu umene sindinaumvepo, woti ndinkamva magazi akuyenda m'makutu mwanga. Anandikhazika kutsogolo kwa maikolofoni nati ndipereke moni, ndiyankhe mumtima monga a Yotamu akanayankhira, ndipo ndisatsegule pakamwa mpaka mdalayo atamaliza. Nyale yofiira inayaka. Ndinati, "Mwauka bwanji, ana inu nonse?" Kenaka mumtima, mosafulumira, ndinati: tauka bwino, aphunzitsi, kaya inu, kaya a kunyumba, kaya mvula kumeneko. Kuseri kwa galasi mmisiri ankazunguza manja ngati akuthamangitsa njuchi, poganiza kuti ndaiwala mawu. A Njobvu anamukhazika pansi ndi chala chimodzi.

"Akatsiriza," anatero a Njobvu, "muzinena kuti, 'Zikomo, ndamva.'"

"Koma sinimva, bwana. Si bodza limenelo?"

"Ni bodza. Ndiye nchito yanu kuyambira lero ni kulisandutsa zoona. Muziwerenga makalata onse, muzipita kumasukulu, muzikhala kumbuyo kwa kalasi. Tsiku lina muzamva."

Umu ndi mmene ndinasiyira choko n'kulowa ntchito ya pa wailesi. Tinaika kadanga kodikira pambuyo pa moni ndi pambuyo pa funso lililonse, ndipo amisiri anakatcha mpata wa a Yotamu. Mayi wotaipa mapepala a phunziro ankangolemba kuti "a Yotamu" paliponse pofunika kudikira, moti achinyamata olembedwa kumene ntchito ankafunsa kuti bwana ameneyu amakhala mu ofesi iti. Phunziro langa loyamba litaulutsidwa ndinalandira kalata yochokera kwa ahedi a ku Bundabunda. Anati ana anayankha mpaka mbalame zinathawa mumsuku, ndipo a Yotamu anavulanso chipewa. Uthenga wawo kwa ine unali waufupi: "Auzeni a Misitiresi kuti manje wailesi yaleredwa." Ndinalirira pa kalatayo m'chimbudzi cha ku ofesi, kuopa kuti amisiri angandiseke.

A Njobvu ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinaonenso mphunzitsi wotero. Sankakweza mawu. Ukalakwitsa ankakubwezera tepi kuti udzimvere wekha, iwo n'kumayang'ana denga. Ndikafulumira ankagogoda pagalasi n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo ndiwo anandiimira pa ukwati wanga ndi atate anu, ndipo iwo ndiwo anayamba kukunyamula iwe Tisa ku ofesi, nati mwana wa mawu otere adzalowa m'malo mwawo.

1978 mpaka 1985, zaka za kusowa

Zaka zimenezi mumazikumbukira ndi mizere ya sopo ndi mafuta ophikira. Ife ku ntchito tinkasowa matepi. Atsopano analeka kubwera, ndiye kuti tijambule phunziro la mawa tinkafufuta la chaka chatha. Tepi ikaduka tinkaidula bwino ndi lezala n'kuilumikiza ndi selotepi, ndipo lezala imodzi inkasungidwa m'kabati yokhoma ngati mankhwala. A Njobvu atapuma ntchito n'kundisiyira mpando wawo, tsiku lina ndinapeza kuti matepi otsala oti ndingafufute ndi a mawu awo okha. Ndinawaimbira foni kuwapempha chilolezo. Anati, "Fufutani, mwana wanga. Mawu ni mbewu, sasungidwa m'kabati." Ndinafufuta, koma ndinatuluka m'chipindamo pamene makina ankagwira ntchito. Kumasukulu vuto linali mabatire. Aphunzitsi ankawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse, ena ankawamenya ndi mwala, ndipo ankatero kuti wailesi ilankhule mphindi zochepa chabe. Mphunzitsi wina wa ku Chalimbana anandilembera mokwiya kuti mpata wanga ukudya mabatire a ana. Ndinamuyankha kuti pamene wailesi yakhala chete ndi pamene ana ake akuphunzira. Sanandiyankhenso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinamugonjetsa kapena anangosowa sitampa.

Galimoto ya ntchito inkakhala pamiyala miyezi yambiri, ndiye maulendo akumasukulu anachepa. Ku Bundabunda ndinapitako kawiri kokha m'zaka zonsezo. Komabe m'mawa uliwonse wojambula, nyale yofiira ikayaka, a Yotamu ankalowa nane m'situdiyo ndi chipewa chawo, ine n'kumawayankhira mumtima kuti auka bwino. Sindinaganizepo kuti yankho limenelo lingasinthe.

1986, sabata ya lezala

Chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, wailesi inali imodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti wailesi ya boma ikakhala chete ndiye kuti pali zinthu ziwiri: mwina wamwalira munthu wamkulu, mwina m'situdiyo mwalowa anthu a mfuti. Lachiwiri lina m'mawa, mkulu wina wa Chipani, amene sindimutchula, anatsegula wailesi m'galimoto yake panthawi yeniyeni imene ine pa tepi ndinkadikira a Yotamu. Anamva zii. Anapotoza uku ndi uku, zii. Analamula dalaivala kuti atembenuke, anaimba mafoni, ndipo tisanamalize kumwa tiyi pageti panali lole ya asilikali. Anapeza mlonda akusoka nsapato, wailesi ikuphunzitsa ana mayina a mbewu. Mkulu uja anachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu amagwera wamng'ono.

Masana omwewo anandiitana a Mwansa, mkulu wa nyumba yonse youlutsira mawu, amene Chipani chinali chitangomutumiza kwa ife. Anali wa Chibemba, wa suti yoyera bwino, ndipo sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha amene ankadziwa bwino zimene ankaopa.

"Ba Daka, muli shani? Khalani. Wailesi ya boma siikhala zii, mwamva? Ma tepi yanu yonse mudule pamene pali zii, muikepo mfuu ya Chipani. Pa Chisanu nifuna yonse yatha."

"Bwana, si zii. Ni pamene ana ayankha."

"Ine nili na makutu, sinimva mwana aliyense. Mukakana nizapeza wina wogwira lezala, ndipo mpando wanu uzakhala wake."

Akulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sindinkadziwa kuti angabwere nako kenikeni. Mpando umenewo sunali mpando wokha. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito, ndipo inkapita ndi udindowo. Iwe Tisa unali pa sukulu imene unkaikonda, ukutsogolera kwaya, ndipo Mabvuto anali atangoyamba giredi wani. Atate anu nditawauza anati, "Amake Tisa, dulani chabe. Ana a eni ake azaphunzira ndithu. Anu azagona kuti?" Sindinawaimbe mlandu, chifukwa ankanena zoona.

Lachitatu ndinatsegula kabati n'kutenga lezala. Ndinadula mpata woyamba, kachidutswa kotalika ngati mkono wanga, n'kulumikizapo mfuu ija. Ndinabweza tepi kuti ndimve. Mawu anga anafunsa ana kuti auka bwanji, ndipo asanapume n'komwe khamu la amuna linakuwa pamwamba pawo, kenaka ine n'kunena kuti zikomo, ndamva. Ndinachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Ndinatola kachidutswa kaja pansi, ndinakapukuta ndi chitenje, n'kukabwezera pamalo pake. Kenaka ndinakwera kwa a Mwansa kukawapempha chinthu chimodzi: m'mawa umodzi wokha, ndi mafuta a m'galimoto yawo. Ndikuganiza kuti anavomera kuti asadzanenedwe kuti sanandipatse mpata.

Lachinayi tinanyamuka mbandakucha. Tinafika ku Bundabunda dzuwa litakwera pang'ono, fumbi litatuwitsa suti ya a Mwansa. Msuku uja unalipo, waya uja analipo, ana anali atakhala kale pansi. Ndinkayang'ana kunjira kuti ndione munthu wamtali wa njinga, koma amene anatulukira anali mayi wokalamba atasenza bokosi lathabwa pamutu, litakulungidwa m'bulangete lomwe lija. Anali amayi Rute, akazi a a Yotamu. Anatula bokosi, anagwada pondipatsa moni, ndipo nditafunsa za abambo anati, "Anatisiya mu mvula, a Misitiresi. Tinaona kuti muli na nchito zambiri." Ndinasowa pogwira. Koma nthawi ya phunziro inali itakwana, ndipo ahedi anali atatsitsa kale mabatire padenga.

Mabatirewo anali otheratu, moti wailesi inkangonong'ona. Ana anasendera pafupi, osatsokomola n'komwe. Amayi opita kumunda anaima kuseri kwa mpanda, ndipo bambo wina wa makala anatsika panjinga yake pamsewu. Kenaka kuchokera m'kabokosi kaja kunatuluka mawu anga, ang'onoang'ono: "Mwauka bwanji, ana inu nonse?" Ndipo mpata uja, umene kwa zaka khumi ndinkaumva ngati zii wa m'situdiyo, unatseguka. Ana anayankha m'Chinyanja onse pamodzi mpaka mawu anabwerera kuchokera kuphiri. Amayi a kumpanda anayankha m'Chisoli. Wamakala anakweza dzanja. Ndipo pambali panga penipeni ndinamva mawu a mwamuna akuti, "Bwino mukwai." Anali a Mwansa. Anagwira pakamwa ngati munthu amene watulutsa chinsinsi, koma mawu anali atatuluka kale, chifukwa nawonso analeredwa ndi anthu. Ndinaganiza za masukulu onse a dziko lino, pansi pa mitengo ndi m'makalasi a udzu, onse akuyankha m'kamphindi komweko, ndipo ine amene ndinkati ndikuwaphunzitsa ndinali ndisanamvepo bwinobwino kukula kwa chinthu chimene ndinkachigwira.

Phunziro linapitirira. Mawu anga anafunsa kuti mbewu imene imabisa zipatso zake pansi ndi iti. Kamtsikana kena kanakuwa kuti, "Chimanga!" Anzake anaseka, iko n'kugwira pamutu, ndipo mpata usanathe kanakuwanso kuti, "Iyayi, nshawa!" Wailesi itati mtedza, kapena kuti nshawa, kanavina kali chikhalire. A Mwansa anandinong'oneza kuti, "Kakanakhala kalibe nthawi, kakanatsala na chimanga."

Tisanakwere galimoto amayi Rute anandigwira dzanja. Anandiuza kuti sabata yomaliza a Yotamu sankathanso kudzuka, ndipo anakana kuti wina anyamule wailesi. Ndiye ahedi anatenga ana onse n'kukaphunzirira pabwalo la nyumba yawo, pansi pa zenera.

"Tsiku lothera," anatero amayi Rute, "munafunsa moni monga mwa masiku onse. Ana anayankha zawo. Iwo ananiuza kuti niwavule chipewa, poti manja anali atakana. Ndiye anati, 'Sitinauke bwino, a Misitiresi. Thupi lakana. Koma zikomo pofunsa.' Anangotsiriza chabe, imwe munati, 'Zikomo, ndamva.' Anamwetulira, ati, 'Waona, Rute? Wamva.'"

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, mkulu wa maphunziro a pa wailesi, nsapato zazitali zili kumapazi. Miyezi yonse ija ndinkawayankhira mumtima kuti auka bwino, pamene iwo anali atandiuza kale zoona. A Njobvu anati tsiku lina ndidzamva. Ndinamva, koma mochedwa ndi miyezi inayi.

Lachisanu a Mwansa anandiitana. Patebulo panali mapepala awiri. Maso awo anali ofiira.

"Ba Daka, nayesa. Nawauza kuti tingaike kankoloko, kawotchi kolira pansipansi, mu mpata, kuti aliyense adziwe kuti wailesi ili moyo. Avomera, koma afuna kuona kuti wina walangidwa pa za tsiku lija. Ili ni pepala lodula ma tepi. Mukasaina, mukhala pa mpando. Ili lina likuchotsani pa mpando, mupita kosungira ma tepi, ndipo mpata utsala. Ine sinizakusankhirani."

Anakankhira cholembera kwa ine n'kukhala chete. Ndinazindikira kuti akundidikira, ndipo ankadikira bwino, ngati munthu wa ku Bundabunda. Ndinaganiza za nyumba, za kwaya ya Tisa, za nkhope ya atate anu. Ndinaganizanso kuti penapake m'mawa wa Lolemba padzakhala munthu wina amene sanauke bwino. Ndinatenga cholembera n'kusaina pepala lachiwiri lija.

1986 mpaka popuma ntchito

Mwezi usanathe tinatuluka m'nyumba ija, katundu ali pa lole, n'kubwera kuno ku Palabana kwa agogo anu, tonse anayi m'chipinda chimodzi. Tisa, unalira masiku atatu osandilankhula, ndipo ndinakuuza kuti ntchito yangosintha. Sinangosintha, mwana wanga. Ndinasankha ndine, ndikudziwa kuti iwe ndi amene ulipira. Sindinakupepesepo, ndiye ndikupepesa pano. Atate anu sananenepo kwa ine kuti, "Si ndinakuuzani?" ndipo chimenecho ndimawakumbukira nacho kuposa zonse. Zaka zinayi ndinkadzuka kusanache kukadikira minibasi, n'kumakakhala m'chipinda chapansi ndikupukuta nkhungu pa matepi. Koma m'mawa uliwonse wa sukulu ndinkatsegula kawailesi ka pashelefu, n'kumva mtsikana amene analowa m'malo mwanga akupereka moni, kenaka kankoloko kaja n'kumagunda pansipansi, osafulumira, mpaka a Yotamu atamaliza kufunsa za mvula.

Zipani zambiri zitabwera anandikumbukira. Anandibwezera kumwamba, kenaka anandikweza kukhala mkulu wa mapulogalamu onse, ndipo zaka zomaliza ndinkaphunzitsa achinyamata ofuna ntchito ya pa wailesi. Za maudindo amenewo muli ndi zithunzi zake, sindikutopetsani nazo. Ophunzira anga onse ankabwera akufuna kuphunzira kulankhula. Tsiku loyamba ndinkawakhazika kutsogolo kwa maikolofoni, n'kuwauza kuti apereke moni kenaka atseke pakamwa. Ambiri ankatuluka thukuta asanafike pa "kaya a kunyumba".

Tsono Mabvuto, uleke kugogoda foni patebulo, idzasweka. Ndikakufunsani kuti mwauka bwanji n'kukhala chete, foni sinaduke ndipo sindinagone. Mumathamangira kundiuza kuti muli bwino, ndipo ine ndimasiyabe mpata pang'ono, kuopa kuti mwina si zoona. Kamodzi kokha ndinamva mochedwa. Kwa inu sindifuna kuchedwanso.